Zilembo Zisanu za pa Chipolopolo

Bweletsa kuno kanthuko, Dalitso, usananditayile fodya wanga. Wakhala ukukatembenuza kuyambila m'mawa ngati kali ndi mabatani. Si kabotolo ka mankhwala ayi. Ndi khoko la chipolopolo cha shotigani, ndinangolisemela chotsekela. Mukufunsa za manambala alembedwapowo? Inu ana a ku Lusaka kufunsa mumadziwa, koma kukhala pansi n'kumva yankho ndiye kumakuvutani. Ikani mafoni m'matumba. Naomi, sendela kumthunzi kuno, dzuwa la kuno si lanu lija. Manambala amenewo anatsala pang'ono kundiphela mwamuna, ndiye sindingakuyankheni ndi mawu awili.

Ambuya anu aamuna, a Sakala, simunawaone. Anali munthu wamtali, wosalankhula kwambili, wokonda kuchita zinthu yekha. Ine ndinali kuwaitana awisi Tisa, iwo n'kumandiitana anyina Tisa, chifukwa cha amayi anuwo amene ndi mwana wathu woyamba. Tinali kulima ku Nyalugwe, ndipo munda wathu unali wothela. Kuseli kwake kunalibenso munthu, thengo lokhalokha mpaka ku Luangwa. Chimanga chikangobeleka, alendo anali kuyamba kufika. Anyani masana, nguluwe usiku wonse mpaka m'mawa. Nyani amathyola chimene afuna n'kuthawa, koma nguluwe zimagwetsa mzele wonse, kudya pang'ono, zotsala kupondaponda.

Chimene chinali kutisungila chakudya inali mfuti ya awisi Tisa, shotigani ya mpope umodzi imene anagula atagwila nchito zaka zisanu ku mafamu a ku Mkushi. Inali ndi laisensi yake, yosungidwa m'pulasitiki ngati khadi la ubatizo. Atate anga ine anali ndi gogodela, mfuti yothila onga kukamwa n'kusinja ndi kamtengo. Mmenemo anali kuikamo chilichonse, zidutswa za misomali, tizitsulo ta njinga, ndipo ikalila utsi unali kuphimba munthu osaona ngati walasa kapena waphonya. Imeneyo inalibe manambala. Koma shotigani inabwela ndi zipolopolo zake zolembalemba, ndipo zinali kukhala m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa khoma. Mkazi sanali kukhudza chitini chimenecho. Palibe anandiletsa, kungoti ndi mmene zinalili.

Chaka chimenecho panali zinthu zimene ndinaona koma osazimvetsa. Anali kuthila madzi pambali pa kapu. Anasiya kuwelenga mawu kutchalitchi, akuti Baibulo la masiku ano analilemba ndi tizilembo tating'ono. Tsiku lina anapeleka moni kwa chitsa, ine n'kuseka mpaka misozi. Sindinadziwe kuti ndikuseka chiyani.

M'mwezi wa Malichi nguluwe ina yaimuna inazolowela munda wathu. Inali kuchedwa kubwelela, dzuwa n'kuipeza ikali kudya. M'mawa wina, kutangoyamba kuyela, awisi Tisa anatenga mfuti n'kuima pakhomo.

“Anyina Tisa, tsitsani chitini chija mundipatse chipolopolo cha nguluwe.”

Ndinadabwa, koma ndinakondwanso kuti andituma chinthu chachikulu. Ndinatsegula. Zonse zinali zofiila, zofanana msinkhu, zofanana kulemela. Zina zinali ndi zilembo, ndipo zilembo sindinali kudziwa, popeza sukulu ndinangoiona podutsa. Koma manambala ndinali kuwadziwa bwino, anandiphunzitsa ndi sikelo ya thonje. Ndinaona cha 4, cha 6, cha 8. Ndinati mumtima, nyama yaikulu ifuna nambala yaikulu. Ndinawapatsa cha 8. Anachibweletsa pafupi ndi nkhope, anachitembenuza, n'kuchiika m'mfuti.

Mfuti inalila ndili kusesa pabwalo. Kenaka ndinamva mawu amene sindinawamvepo kwa mwamuna wanga. Ndinathamanga ndi khasu m'manja, mame akundinyowetsa mpaka m'chiuno. Ndinawapeza ali gone pakati pa mapesi othyoka, ntchafu yang'ambika kuchokela pabondo kukwela, nguluwe itapita. Ndinavula chitenje chapamwamba n'kumanga mwamphamvu, ndikukuwa. Anthu anabwela, tinapanga machila a masaka, tinawanyamula mpaka kumsewu kumene tinapeza lole yopita ku Nyimba. Inu lelo mumangodina foni galimoto n'kubwela. Ife tinafika kuchipatala dzuwa litapendeka.

Mwendo anausoka. Koma dokotala atawaunika m'maso ndi katochi anandiitanila pambali. Anati mitsempha ya maso yakhala ikuuma kwa zaka, diso limodzi lathelatu, linalo likutsatila, ndipo palibe mankhwala obwezela zimene zapita.

Ndinabwelela pabedi. Ndinakhala pambali pa awisi Tisa.

“Munandipatsa chiti?” anafunsa.

“Cha 8. Chachikulu pa zonse.”

“Chimenecho n'cha njiwa. Nguluwe chinangoiyabwa.”

“Nanga bwanji simunayang'ane?”

“Ndinayang'ana, anyina Tisa. Sindinaone.”

Sanandikalipile, ndipo ine sindinawakalipile. Koma mawu akuti n'cha njiwa anakhala m'mutu mwanga ngati munga m'phazi.

Tili kuchipatala nguluwe zinachita phwando. Tinakolola theka la nkhokwe, tili ndi ana anayi. Chaka chimenecho amayi anu anadziwa kukoma kwa masau ndi phala la madeya, afunseni akuuzeni, ngati sachita manyazi pamaso pa anzawo a kuofesi.

Titangotha kukolola kunabwela Yotamu, mphwa wawo wa awisi Tisa, mwana wa mlongo wawo. Anali bambo kale, wa akazi awili. Anakhala pampando n'kuyamba mokoma.

“Amalume, mfuti ija ingochita dzimbili. Mwambo mukuudziwa, za amalume zimapita kwa ife. Bwanji ndiitengeletu?”

Tonse tinali kudziwa kumene ikanapita. Yotamu anali kuyenda ndi anthu olowa m'nkhalango ya nyama mobisa. Mfuti ikanagwidwa ndi a gemu, olonda nyama a boma, ndipo munda wathu ukanatsala ndi zitini zoimba basi. Ine ndinali kupeta mapila chapafupi. Sindidziwa mawu anachokela kuti.

“Mfuti siichoka pano. Ndiigwila ine.”

Yotamu anaseka mpaka kugwila mimba. “Amai, si ndinu munapatsa amalume cha njiwa? Mufuna kumaliza mudzi wonse?”

Lichelo sindinaliike pansi. Awisi Tisa anati, “Mvula ikagwa laisensi isanalembedwe dzina la anyina Tisa, udzabwele uitenge.” Ndikhulupilila ananena choncho kuti mphwa wawo achoke, poganiza kuti ine ndidzaiwala. Anali asanandidziwe, ngakhale tinali titabala ana anayi.

Pasukulu pathu panali mphunzitsi wamkazi, a Chanda, amene boma linatumiza kuchokela ku Kasama. Chinyanja chawo chinali chopindika, mawu alionse kutsilizila ndi mukwai, ndipo ana anali kuwaseka kuseli. Ine ndinawatengela mbale ya chimphonde, nshawa zosinja zija mumati n'zabwino kuposa za m'botolo, n'kuwapempha kuti abwele kunyumba Loweluka.

“Mufuna kuphunzila kuwelenga, mukwai? Bwelani kukalasi ya akulu.”

“Sindifuna mabuku, Madamu. Ndifuna kuwelenga izi.” Ndinatsegula chitini.

Analumpha ngati aona njoka. “Ine za mfuti sindidziwa!”

“Inu mudziwa zilembo. Awo ali pakhondewo adziwa mfuti. Ine ndili ndi maso. Tikaphatikiza tikwana munthu mmodzi.”

Awisi Tisa anayamba ndi kukana. Masiku amenewo anali kungokhala pakhonde kuyang'ana kumene sakuona, osafuna kupita ngakhale kutchalitchi. Koma a Chanda atawelenga mokweza kuti, “Twelofu, sevente, sate-thuu, sikisi,” n'kufunsa ngati ndi nambala ya fakitale, munthu uja sanapilile.

“Si nambala ya fakitale! Bweletsani kuno.”

Tsopano tchelani khutu, chifukwa apa ndi pamene pali yankho lanu. Dalitso, tembenuza khokolo uone kumatako kwake, pa chitsulo chachikasu. Pali 12. Imeneyo ndi kukula kwa kamwa la mfuti, ndipo pa mfuti penipeni palinso 12 wodindidwa. Ziwilizo zikasiyana, usaike. Zilipo za 16 ndi za 20, zoonda. Cha 20 ukachiponya m'mfuti ya 12 chimatsetseleka n'kukakakamila mkati mwa mpope osaoneka. Munthu amayesa kuti sanaike kanthu, aikanso china pambuyo, akaomba mpope uphulika ndi dzanja lomwe. Pambali pali 70. Ndiwo utali wa khoko likatseguka poomba, ndipo mfuti iliyonse ili ndi utali wake umene imalola. Yathu ndi ya 70, cha 76 sichiloledwa ngakhale chitalowa. Kenaka 32 ndi kulemela kwa mtovu uli mkatimo. Yotsiliza, imene imaima payokha, ndiyo inandigwetsa ine: kukula kwa njele za mtovu.

“Nambala ikakula, njele zichepa,” anatelo awisi Tisa.

“Bodza,” ndinatelo ine. “Chinthu chingachepe bwanji nambala ikukula?”

A Chanda ndiwo anandithandiza. “Mukwai, chimanga chimodzi mukagawila ana awili ndi mukagawila ana eyiti, ndani alandila chachikulu?” Ndinamva, koma mtima unali kufunabe kuona ndi maso.

Pansi pa chitini panali zipolopolo zakale za makoko a pepala, zimene zinafufuma ndi chinyezi osalowanso m'mfuti. Masiku ano n'za pulasitiki, mvula sizisamala. Awisi Tisa analola kuti titsegule zimenezo, kutali ndi moto, kumutu kokha, osakhudza kuchitsulo. Inu musadzayese zimenezi, ndikakupezani ndidzakukwapulani ngakhale muli ndi madigili. Tinakhuthulila njele m'mbale zosiyana. Za 8 zinali ngati mawele, ndinawelenga mpaka mazana anayi n'kutopa. Za 6, za nkhanga, zinakulako pang'ono. Za 4 zinali ngati mapila. Manambala akatha pa 1 pamayamba zilembo, ndipo kumeneko njele zimakulilakulila: BB, kenaka AAA zonga nyemba zazing'ono, SSG, kenaka SG. Cha SG chinali ndi njele zisanu ndi zinayi zokha, iliyonse ngati nzama. Panali chimodzi cha LG, chokula koposa.

Ndinaika nzama ya mtovu m'dzanja limodzi, mawele a mtovu m'dzanja lina, n'kuganiza za chikopa cha nguluwe. Ndinatuluka kupita kuseli kwa nkhokwe, ndinalila kumeneko ndekha, ndinapukuta nkhope n'kubwelela.

“Tiyeni tipitilize, Madamu. Ichi chopindika ngati njoka ndi chiyani?”

“Ndi S, mukwai.”

Zilembo ndinaphunzila zisanu: A, B, S, G ndi L. Mpaka lelo ndi zomwezo. Naomi ukuseka chiyani? Iwe uli ndi zonse twente-sikisi, koma dzulo unathawa nkhuku. Ndinali kuzilemba ndi chala paufa, ndi khala pakhoma, ndi kamtengo pamchenga podikila kutunga madzi, mpaka azimayi anayamba kunong'ona kuti anyina Tisa azungulila mutu. Ndinasoka timatumba, kalikonse ka mtundu umodzi wa zipolopolo, n'kumangilila pakamwa pake mbewu yofanana ndi njele zake. Awisi Tisa akatulutsa chipolopolo ine ndinali kuwelenga osaona thumba, iwo n'kukhudza mbewu kuti adziwe ngati ndakhoza. Anandiphunzitsanso kusakhulupilila mtundu wa khoko. Chofiila chikhoza kukhala cha njiwa kapena cha nguluwe, chimene chinena zoona ndi cholembedwa.

Kuomba anandiphunzitsa pachulu cha kuseli kwa nyumba, atakhala pampando pambuyo panga. Tinapachika mphasa yakale. Tsiku loyamba thako la mfuti linandimenya paphewa mpaka sabata yonse ndinali kusinja ndi dzanja limodzi, chifukwa ndinaigwila mwaulemu ngati mwana wa eni. Anati, “Ikanikizeni paphewa, si mlendo.” Tinaomba pa mapazi makumi awili, njele zinagwa pamodzi ngati m'lichelo. Pa makumi asanu zinabalalika, zina osakhudza mphasa n'komwe. Pamenepo ndinadziwa kuti chipolopolo choyenela pachokha sichikwanila, pafunikanso kulimba mtima kudikila nyama ifike pafupi.

Nthawi imeneyo za laisensi zonse zinali ku boma ku Petauke. Kuchoka kwathu ndinali kuyenda pansi mpaka kumsewu, kukwela chilichonse chopita ku Nyimba, kenaka kudikila basi yochokela ku Lusaka imene inali kufika itadzaza kale, nkhuku ndi matilesi pamwamba. Kamba wanga anali mbatata zootcha ndi botolo la munkoyo, thobwa la kwathu. Ulendo woyamba anandipatsa mafomu n'kundiuza kuti pafunika kalata ya mwini mfuti ndi ya kuchipatala. Ulendo wachiwili bwana woona za mfuti anali atapita ku Chipata. Ulendo wachitatu unali mu Okutobala, mitambo itayamba kusonkhana, ndipo Yotamu anali atadutsa kale kawili kudzafunsa za umoyo wa amalume ake.

Bwana uja anali wapolisi wa imvi, wochokela kum'mwela. Anawelenga mapepala, anandiyang'ana kuchokela kuduku mpaka kumapatapata.

“Amai, mfuti si mthiko. Mudziwa kuwelenga?”

“Za mfuti ndidziwa, bambo.”

Anatsegula kabati, anatenga zipolopolo zodzaza dzanja n'kuzimwaza patebulo. “Nkhanga zalowa m'nshawa. Mutenga chiti?”

Ndinasankha cha 6.

“Nguluwe?”

Ndinatembenuza chimodzichimodzi. Ndinapeza S ndi G, koma pambali panali 76. Ndinachibweza. Ndinapeza china cha SG cha 70 n'kuwapatsa.

“Chija mwachibwezelanji? Si SG yomweyo?”

“N'chachitali, bambo. Yanga ndi ya 70.”

Anakankhila kwa ine china chachikasu, choonda. “Nanga ichi?”

Ndinayang'ana kumatako kwake. “Cha 20. Ichi musachiyandikize kumfuti yanga, ngakhale m'thumba limodzi chisalowe.”

Anatsamila kumpando n'kuitana mnzake wa m'chipinda china kuti adzaone. Kenaka anandipatsa cholembela n'kuloza pamzele. Anali atatsegula kale kabokosi ka inki ya chala, koma ine ndinakakankhila pambali. Dzina langa ndine Belita Lungu. B ndinamudziwila pa BB, L pa LG. Ndinalemba ziwilizo pang'onopang'ono, lilime lili panja. Pepala linatuluka patapita masabata atatu, mvula yoyamba inagwa ndili nalo m'chitenje. Yotamu atabwela ndinam'patsa kuti awelenge yekha, ndinam'phikilanso nkhuku, chifukwa mphwa ndi mphwa.

Chimanga chinamela, chinakula, chinabeleka, alendo aja anabwelanso. Ndinamanga kansanja kumapeto a munda. M'mawa uliwonse ndinali kufikapo kusanayele bwino, ndi cha SG chimodzi m'mfuti ndi ziwili m'thumba, zimene ndinaziwelenga dzulo lake dzuwa likali. Masiku asanu ndi limodzi ndinangopeza mapazi. Lachisanu ndi chiwili ndinamva mapesi akuthyoka.

Kansanja kanali kutali ndi kumene nguluwe inali kudya, ndipo ndinakumbukila mphasa ija. Ndinatsika. Ndinayenda chowelama mumzele, mphepo ikundiomba kumaso, mpaka ndinaona msana wake wa ubweya woyelela. Inali pa mapazi makumi anayi. Mtima unati omba uthawe. Ndinagwada bondo limodzi n'kudikila. Inagwetsa phesi, inadya, inasendela. Makumi atatu. Udzudzu unandiluma pakhosi osaupha. Itafika pa makumi awili inatukula mutu n'kununkhiza, ndinaona mano ake. Inatembenuka pang'ono kundipatsa phewa. Ndinakanikiza mfuti n'kukoka.

Inagwa, inadzuka, inathamanga molunjika kwa ine mapazi angapo n'kugwanso. Ndinathyola mfuti, ndinaika china, ndinailoza mpaka miyendo yake inaleka kupalasa.  Ndinakhala pansi m'matope, mfuti pamiyendo, osatha ngakhale kukuwa.

Sindidziwa panapita nthawi yotani. Ndinamva chinthu china chikubwela kuchokela kumudzi, chikuthyola chimanga, kugwa, kudzuka. Ndinagwilanso mfuti. Kenaka ndinamva mawu.

“Belita! Belita iwe! Yankha!”

Chibadwile amayi anu, munthu ameneyo anali asananditchulepo dzina. Ndipo chichokele kuchipatala anali asanapitilile chulu cha kuseli kwa nyumba. Anatulukila pakati pa mizele opanda ndodo, opanda nsapato, maondo ali magazi, akutsimphina ndi mwendo wosokedwa uja, nkhwangwa ili m'manja. Anali atasochela njila, akulowela kuthengo.

“Ndili kuno, awisi Tisa! Kumanzele kwanu!”

Anaima. “Wavulala?”

“Iyayi. Yagona apa.”

“Unaika chiti?”

“SG, cha 70.”

Anafika pondipapasa mutu, mapewa, manja, kuona ngati ndili wathunthu. Atakhutila anakhala pansi pambali panga m'matope momwemo, akupuma ngati ng'ombe yolima. Ndinayang'ana nkhwangwa ija.

“Nanga ndi iyi munati muiteme bwanji nguluwe, osaiona?”

“Ukanandiuza kumene ili,” anatelo.

Tinaseka, ana inu. Tinaseka mpaka anthu amene anabwela atamva mfuti anatipeza tikali pansi, akulu awili odzola matope, n'kuyesa kuti tonse tapenga. Tinatuma uthenga kwa a gemu monga mwa lamulo, nyama inadyedwa mudzi wonse, ndipo chaka chimenecho tinamanga nkhokwe yachiwili. Kuyambila tsiku limenelo sanakhalenso pakhonde. M'mawa uliwonse anali kugwila nsonga ya chitenje changa mpaka kukansanja, n'kumandiuza kumene mapesi akuthyoka ine ndisanamve kanthu. Tinalonda choncho zaka khumi ndi chimodzi, mpaka chaka chimene tinawaika.

Ndathela pamenepa, pakhosi pauma. Wina akanditungile madzi, a mumtsuko, osati a m'botolo lanulo.